Kukaphunzira za Uchembere Kunja: Kodi Maulendowa Amapulumutsadi Amayi ndi Ana?

Chaka ndi chaka anamwino, azamba, madokotala, ophunzira ndi akuluakulu a m'maunduna a zaumoyo amakwera ndege kukaona momwe mayiko ena amasamalira amayi oyembekezera ndi ana. Ena amachoka kuno kupita ku Kigali, Addis Ababa, Colombo kapena Tokyo. Enanso amachoka ku Ulaya ndi ku America kubwera ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Maulendowa amadya ndalama zambiri, ndipo anthu sagwirizana za phindu lake. Alipo amene amati n'kukayenda chabe ndi kukatola ndalama za paulendo, pomwe pachipatala chaching'ono cha kumudzi magolovesi anatha kalekale. Aliponso amene amati dziko limene silipita kukaona kwa anzake limabwereza zolakwa zimene ena anaziwoloka zaka makumi angapo zapitazo. Mbali zonse ziwiri zili ndi choonadi chake, koma nkhaniyi ikukhudza miyoyo, choncho iyenera kuweruzidwa ndi umboni wa zimene zinachitikadi.

Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'chaka cha 2020 amayi pafupifupi 287,000 anamwalira padziko lonse chifukwa cha pakati kapena pobereka, ndipo pafupifupi 70 mwa 100 alionse anali a m'mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2000 anapeza kuti amayi 1,120 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Chiwerengerochi chinatsika kufika pa 984 mu 2004, pa 675 mu 2010, ndi pa 439 m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Tatsikadi, koma mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 chiwerengero cha padziko lonse chikhale chosafika 70. Mtunda ukadali wautali.

Chimene munthu amapita kukaona

Zimene zimapha amayi n'zodziwika: kutaya magazi ambiri atachira, kuthamanga kwa magazi kofika pokomoka, kuola kwa m'mimba, kulephera kwa mwana kutuluka, ndi zovuta za kupita padera kapena kuchotsa pakati mosatetezeka. Mankhwala akenso ndi odziwika. Oxytocin amaletsa magazi, magnesium sulphate amaletsa kukomoka, ndipo pali mankhwala opha tizilombo, magazi opatsira wodwala ndi opaleshoni. Mzamba wophunzira ku Blantyre amawadziwa monga momwe amawadziwira mnzake wa ku Colombo. Choncho palibe amene ayenera kuwoloka nyanja kuti akamve dzina la mankhwala.

Kusiyana kuli pa dongosolo limene limafikitsa mayi pamalo oyenera nthawi isanathe. Mu 1994, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine anafotokoza kuti mayi amafa chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa atafika. Kuchedwa kulikonse kuli ndi eni ake. Koyamba kuli m'manja mwa mwamuna, apongozi ndi amene asunga ndalama pakhomo. Kwachiwiri kuli pa msewu, mlatho, ambulansi ndi mafuta. Kwachitatu kuli pa amene ali pa ntchito usiku, pa magazi m'firiji ndi pa magetsi m'chipinda cha opaleshoni. Zinthu izi sizilembedwa zonse m'malipoti. Munthu amazimvetsa akaima pomwepo, n'kuona yemwe amaimba foni, yemwe amasunga kiyi wa mosungira mankhwala, ndi yemwe amafunsidwa mayi akamwalira. Apa ndi pamene ulendo wokaphunzira uli ndi tanthauzo.

Nzeru imene inachokera ku Bogotá

Mu 1978, pachipatala cha Instituto Materno Infantil mumzinda wa Bogotá ku Colombia, makanda obadwa masiku asanakwane ankagonekedwa angapo m'makina amodzi otenthetsera, n'kumapatsirana matenda. Dokotala Edgar Rey Sanabria, ndipo pambuyo pake mnzake Héctor Martínez, anayamba kuika khanda pachifuwa cha mayi wake, khungu kukhungu, usana ndi usiku, likuyamwa bere lokha. Njirayi ndi imene lero timaitchula kuti kangaroo. Madokotala a m'mayiko ena anapita kukaona okha, ndipo pambuyo pake bungwe la Fundación Canguro, lotsogoleredwa ndi dokotala Nathalie Charpak, linayamba kulandira magulu ochokera kunja ndi kuwaphunzitsa pantchito pomwepo.

Ku Malawi, chipinda cha kangaroo chimene chinakhazikika chinatsegulidwa pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo kumeneko n'kumene anamwino a zipatala zina ankapita kukaphunzira. Malamulo a dziko lonse otsogolera njirayi anatuluka mu 2005. Kufunika kwake kuno n'kwakukulu, chifukwa lipoti la padziko lonse la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa ana 100 alionse. Kenaka nzeruyi inatembenuka n'kubwerera kudziko lonse. Malawi, pamodzi ndi Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania, anachita nawo kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, wosonyeza kuti kuyamba kangaroo khanda likangobadwa, osadikira kuti liyambe lalimba, kumachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi pakati pa makanda olemera kuyambira kilogalamu imodzi koma osafika 1.8. Mu 2022 World Health Organization inasintha malangizo ake motsatira umboniwo.

Zinthu ziwiri zikuonekera apa. Chimene chinayenda kuchoka ku Colombia sichinali makina, koma kachitidwe kofuna chitenje, bedi, namwino wodekha ndi mayi wolimbikitsidwa. Komanso kuchoka pa 1978 kufika pa 1999 ndi zaka 21. Ulendo wokha sunakwanire. Panafunika anthu okhala pamalo amodzi zaka zambiri, kumenyera chipinda, kuphunzitsa anzawo ndi kutsimikizira agogo kuti khanda laling'ono chotere likhoza kukhala ndi moyo.

Kabuku ka ku Japan m'manja mwa mayi wa ku Indonesia

Chitsanzo china chooneka bwino ndi cha kabuku ka mayi ndi mwana. Ku Japan, kuyambira 1948, mayi aliyense woyembekezera amalandira kabuku kamodzi kolembamo za pakati, za kubereka, katemera ndi kakulidwe ka mwana, ndipo kamasungidwa kunyumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, dokotala wina wa ku Indonesia amene anapita ku Japan pa maphunziro a bungwe la JICA anakaona kabukuka n'kukakonda. Kwawo amayi ankasunga makadi angapo osiyana, la sikelo ya mayi, la katemera, la kulemera kwa mwana, ndipo ambiri ankatayika.

A ku Indonesia sanangomasulira kabuku ka ku Japan. Anayamba ndi mzinda umodzi wa Salatiga, m'chigawo cha Central Java, mu 1994. Anaikamo zithunzi zambiri kuti mayi wosadziwa bwino kuwerenga azindikire zizindikiro zoopsa, ndipo anakakonza kuti kagwirizane ndi azamba ndi anthu ongodzipereka a m'midzi yawo. Patatha zaka khumi, mu 2004, unduna wa zaumoyo unalamula kuti kagwiritsidwe ntchito m'dziko lonse. Lero Indonesia ndiyo imalandira alendo ochokera kumayiko ena odzaphunzira za kabukuka. Kwa ife amene tili kale ndi buku la kuchipatala limene mayi amayenda nalo kusikelo, phunziro si lakuti tisindikize lina. Phunziro ndi lakuti ulendo wa munthu mmodzi unabala zipatso chifukwa unatsatiridwa ndi kuyesa pamalo amodzi, kukonza zolakwika, kenaka lamulo ndi ndalama za boma.

Sri Lanka: dziko losalemera, amayi osafa

Anthu ambiri odziwa za uchembere akafunsidwa kumene munthu angapite kukaphunzira, amatchula Sri Lanka. Dzikoli si lolemera, ndipo linakhala pa nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1983 mpaka 2009. Komabe amayi omwalira kumeneko ali pafupifupi 30 pa ana 100,000 obadwa amoyo, ndipo pafupifupi mayi aliyense amachirira kuchipatala.

Maziko ake anaikidwa kale. Mu 1926 ku Kalutara kunatsegulidwa dera loyamba la zaumoyo wa anthu, lokhala ndi dokotala woyang'anira ndi antchito oyenda m'makomo. Pamtima pa dongosololi pali mzamba wa boma wa m'dera, amene amayang'anira anthu zikwi zingapo, amasunga kaundula wa mabanja onse a msinkhu wobereka, amalemba mayi akangotenga pakati, ndipo amamuyendera kunyumba atachira. Maphunziro aulere anayamba mu 1945, choncho atsikana anapita kusukulu ndipo azamba ophunzira anapezeka. Chithandizo cha m'zipatala za boma n'chaulere. Misewu ndi ma ambulansi zinalumikiza zipatala zazing'ono ndi zazikulu. Ndipo imfa iliyonse ya mayi imalembedwa ndi kufufuzidwa, ndipo zotsatira zake zimafika kuofesi ya Family Health Bureau ku Colombo.

Mlendo wothamanga akafika ku Sri Lanka amaona chipinda choberekera chaukhondo n'kujambula zithunzi. Mlendo wodekha amatsagana ndi mzamba m'makomo tsiku lonse, n'kufunsa kuti amalandira malipiro pa tsiku liti, amamuyang'anira ndani, ndipo mayi akapanda kubwera kusikelo chimachitika n'chiyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wachiwiriyu ndi amene amabwerera akudziwa kuti zimene waona zinamangidwa pa zaka pafupifupi zana, ndiponso kuti mbali ina ya chinsinsi ili m'kalasi ya mwana wamkazi osati m'chipatala.

Anansi athu a mu Africa

Kawirikawiri ulendo waufupi ndiwo umaphunzitsa zambiri, chifukwa mavuto amafanana. Ethiopia inayamba mu 2003 ndondomeko yophunzitsa amayi a m'midzi kwa chaka chimodzi, kuwalemba ntchito ya boma ndi kuwaika awiriawiri pa kachipatala ka m'dera lililonse, ndipo m'zaka zochepa anapitirira 30,000. Rwanda inasankha njira ina: mudzi uliwonse umasankha anthu ake a zaumoyo, mmodzi wa iwo n'kukhala woona za amayi oyembekezera ndi makanda, amene amatumiza uthenga pafoni kuchipatala akaona choopsa. Kumbuyo kwake kuli inshuwalansi ya m'midzi imene mabanja amasonkha. 

Mmalawi wopita kumayiko amenewa sapita chimanjamanja. Tili ndi alangizi a zaumoyo, amene mbiri yawo inayambira pa obaya katemera wa nthomba ndi othandiza pa mliri wa kolera, ndipo kuyambira 2008 ambiri a iwo amathandiza ana odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba pa zipatala za m'midzi. Funso lake likhale lolunjika: chifukwa chiyani uthenga wa pafoni ku Rwanda umadzutsa ambulansi, nanga wathu umathera pati?

Pamene kutengera kumalephera

Choopsa chachikulu pa maulendowa n'kutenga chooneka ndi kusiya chosaoneka. Mbiri yathu yomwe ikutichenjeza. Mu 2007 boma linaletsa azamba a kumudzi kubereketsa, chiletso chimene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachifewetsa mu 2010. Mafumu ambiri anaika chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa ochirira kunyumba, ndipo mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ndondomeko ya uchembere wabwino, momwe Mfumu Yaikulu Kwataine ya ku Ntcheu inatsogolera mafumu. Amayi anamvera. Ochirira kuchipatala anakwera kuchoka pa 55 mwa 100 mu 1992 kufika pa 91 mwa 100 m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016.

Koma imfa za makanda osakwana mwezi umodzi zinali 27 pa 1,000 mu 2004, ndipo zinali 27 pa 1,000 m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Pa chiwerengero cha ochirira kuchipatala tinayandikira Sri Lanka, pa chiwerengero cha opulumuka tinatsalira kutali. Amayi anafika, koma kawirikawiri anapeza mzamba mmodzi akuyang'anira ambiri, madzi kulibe, magazi kulibe. Tinachepetsa kuchedwa koyamba, kwachitatu kunatsala. Amene akupita kunja lero ayenera kupita ndi funso limeneli, la ubwino wa chithandizo mayi atalowa pakhomo la chipatala.

Pali zina zimene zimawononga phindu. Nthawi zambiri wopita ndi wa muofesi, pomwe wodzagwira ntchitoyo ndi mzamba wa m'chipinda choberekera amene sanaitanidwe. Olandira alendo nawo amaonetsa chipatala chawo chabwino koposa, chosesedwa dzulo lake. Wobwerera amalemba lipoti, kenaka amasamutsidwa kupita kunthambi ina, nzeru n'kupita naye. Ndipo ena sabwerera konse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri anapita ku Britain, mpaka boma ndi othandiza anayambitsa ndondomeko yapadera imene mu 2005 inakweza malipiro a antchito a zaumoyo ndi 52 pa 100. Kutumiza munthu kukaphunzira popanda kumukonzera pobwerera ndi kuphunzitsira dziko lina mzamba.

Amene amabwera kwa ife

Njirayi si yopita mbali imodzi. Mu 2011 Malawi inakhala dziko loyamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Njirayi, yotchedwa Option B+, inabadwa chifukwa makina oyezera anali ochepa, ndipo posakhalitsa mayiko ambiri anaitengera, World Health Organization n'kuiika m'malangizo ake. Malawi inalinso m'gulu la mayiko ochepa a mu Africa amene anachepetsa imfa za ana osakwana zaka zisanu ndi magawo awiri mwa atatu kuchoka pa chiwerengero cha 1990 chaka cha 2015 chisanafike. Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chinafalikira dziko lonse. Tili nazo zoti tiphunzitse.

Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo zinachitikadi ku Blantyre. Mu 2006 Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden a ku Rice University ku Texas anafika pachipatala cha Queen Elizabeth n'kuona makanda obanika pomwe makina okwera mtengo ochokera kunja anali atafa. Ophunzira awo, mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a pachipatalachi, kuphatikizapo Elizabeth Molyneux ndi Kondwani Kawaza, anapanga makina otsika mtengo othandiza khanda kupuma, amene anatchedwa Pumani. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anasonyeza kuti makanda 71 mwa 100 oikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa 100 olandira mpweya m'njira yakale. Alendowa anapindula chifukwa anamvera eni chipatala, anabwerabwera kwa zaka zambiri, ndipo anagwira ntchito ndi akatswiri athu okonza makina.

Koma pali mlendo wina amene tiyenera kumuchenjerera. Ophunzira ena ochokera kumayiko olemera amabwera ku Africa kwa masabata ochepa ali ndi chiyembekezo chochita zimene kwawo sangaloledwe: kubereketsa, kusoka, kubaya. Ena amajambula amayi ndi makanda n'kuika pa Facebook popanda chilolezo. Enanso amadya nthawi ya mzamba wotopa kale, amene ayenera kuwamasulira ndi kuwayang'anira. Mu 2010 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi John Crump ndi Jeremy Sugarman linatulutsa malangizo a khalidwe loyenera pa maulendo otere, ndipo mfundo zake n'zomveka: wophunzira asachite chimene sanaphunzire, akhale ndi womuyang'anira, ndipo chipatala cholandira chibwezeredwe zimene chawononga. Mayi wa ku Mangochi ali ndi ulemu wofanana ndi mayi wa ku London. Mabungwe athu a Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi alipo kuti aone yemwe akugwira thupi la wodwala, ndipo mlendo asakhale pamwamba pa malamulo awo. Chilungamo chimafunanso kuti ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences apeze mwayi wopita kumene alendowo achokera, chifukwa chiphaso cholowera ndi mtengo wa ndege zimatsekera athu khomo limene anzawo amalipeza lotsegula.

Ulendo woyenera ndalama zake

Tikaika zonsezi pamodzi, maulendo amene anasintha zinthu amafanana. Ananyamuka ndi vuto limodzi lodziwika, monga makanda ozizira kapena makadi otayika. Anapita anthu amene adzagwire ntchitoyo ndi manja awo, pamodzi ndi wina amene ali ndi mphamvu pa ndalama. Anakhalitsa mokwanira kuti aone usiku ndi tsiku la Sabata, osati msonkhano wa muhotela wokha. Anafunsa za mtengo, za zimene zinalephereka, ndi za amene amalipira othandiza akachoka. Pobwera anayesa m'boma limodzi, anawerenga zotsatira, anasintha kuti zigwirizane ndi kwawo. Ndipo ubale ndi owalandira unapitirira kwa zaka.

Tisaiwalenso ulendo wotsika mtengo kuposa yonse. M'dziko lathu lomweli muli zipatala, za boma ndi za mishoni, zimene zikuchita bwino kuposa zinzake ndi zipangizo zofanana. Mzamba wa ku Nsanje akhoza kuphunzira zambiri ku Rumphi, ndipo wa ku Mchinji ali pafupi ndi Chipata ku Zambia kuposa Lilongwe. Chipinda cha kangaroo cha ku Zomba chinaphunzitsa anamwino ambiri amene sanakwerepo ndege.

Choncho yankho la funso lathu ndi lakuti inde, maulendowa apulumutsapo amayi ndi ana, koma ndi okhawo amene anatsatiridwa ndi ntchito ya zaka zambiri kunyumba. Aliyense wovomereza ndalama za ulendo wotere, kaya ndi unduna, bungwe lothandiza kapena sukulu ya ukachenjede, afunse gulu lisananyamuke kuti likukafuna yankho la vuto liti ndipo lidzayesera pachipatala chiti. Chaka chikatha afunsenso, poyera, kuti chasintha n'chiyani m'chipinda choberekera. Gulu limene silingayankhe mafunso awiriwa lisapite, ndipo ndalamazo zigule mafuta a ambulansi.